Funsani Aphungu: Kodi kukakhala kunja kuli ndi phindu lanji kwa munthu wa m'chigwa cha Shire?

FUNSO: Aphungu, ndine mnyamata wa zaka 26 ndipo ndimakhala kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa. Ndinaphunzira ntchito yowotcherera zitsulo mpaka kulandira satifiketi ya TEVETA, koma kashopu kanga kamayenda bwino nthawi yogulitsa thonje yokha, miyezi inayo ndimangokonza njinga za kabaza ndi ngolo. Chichitikireni namondwe wa Freddy, dimba la makolo anga linakwiririka ndi mchenga. Msuweni wanga amene ali ku Cape Town akundiitana, ndipo bambo avomera kugulitsa imodzi mwa ng'ombe zinayi zimene zatsala kuti ndipeze pasipoti ndi ndalama yoyendera, koma mayi akukana poopa kuti ndidzakhala mtchona. Aliyense amangondiopseza. Ndiuzeniko phindu lake lenileni ngati lilipo. Wowerenga wa ku Ngabu.

YANKHO: Mphwanga, phindu lilipo ndithu, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanakuuzani kuti anthu onse amene amakwera basi ya ku Joni ndi opanda nzeru. Njira imeneyi anaiponda kale agogo athu pa nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito m'migodi ya ku South Africa, ndipo ambiri ankabwerako ndi njinga, makina osokera ndi ndalama zolowolera. Boma la Kamuzu Banda linaimitsa ulendowu mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, kenaka unayambanso kudzera ku TEBA, dzina latsopano la bungwe lomwelo, mpaka mu 1988. Choncho zimene mukuganizazi si zachilendo m'mabanja athu.

Phindu loyamba, limene munthu wa kuno kuchigwa amalimvetsa kuposa wa kumtunda, ndi lakuti malipiro a pamwezi a kunja sadalira mvula kapena mtsinje. Chuma chathu chonse chimakhala pansi pamene madzi amadutsa: dimba, khola, nkhokwe ndi nyumba yomwe. Taonani zaka zimene Shire ndi mitsinje yake yatilanda zinthu: mu Januwale 2015, mu 2019 ndi namondwe wa Idai, mu 2022 ndi Ana amene anawononga ngakhale malo opangira magetsi a Kapichira, kenaka Freddy mu Marichi 2023. Banja limene ana ake onse amadalira munda umodzi limagwa lonse tsiku limodzi, mpaka kufika pokumba nyika m'dambo, pamene banja limene lili ndi mwana mmodzi wolandira malipiro kutali limakhala ndi pogwira. Ndinaonapo mayi wina wachikulire pa Bangula madzi atangophwa, atamanga kafoni kake pamfundo ya chitenje. Anamasula mfundoyo pamaso pa ejenti, namuonetsa uthenga umene iye sankatha kuuwerenga, ndipo pasanathe ola limodzi anali atakweza thumba la chimanga ndi mpukutu wa pulasitiki wofolera pa kabaza. Ndalamazo zinachokera kwa mwana wake ku Durban m'mawa womwewo. Masiku ano makampani monga Mukuru amafikitsa ndalama mpaka pa Airtel Money kapena Mpamba, osadikiranso munthu wobwera pa Khirisimasi ngati kale.

Palinso nkhani ya mphamvu ya ndalama. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti amene ankasunga makwacha kuti agule malata anadzuka m'mawa ndalama zawo zitafupika, pamene amene ankasunga marandi anapeza kuti zawo zikusinthidwa ndi makwacha ochuluka kuposa dzulo lake. Ku South Africa boma linaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola mu Marichi 2025, kutanthauza kuti pa nthawiyo wogwira maola 45 pa sabata ankayenera kulandira pafupifupi R5,600 pamwezi, ndipo mmisiri wodziwa ntchito yake amayembekezeka kuposa pamenepo.

Koma kwa inu, phindu limene ndikuliona lalikulu kuposa malipiro ndi luso, ngakhale kuti ndi ochepa amene amaliwerengera. Pa Ngabu mumawotcherera ndi makina amodzi omwewo chaka chonse, magetsi akazima ntchito yaima. M'mashopu akuluakulu a kunja mudzakumana ndi njira zina zowotcherera monga MIG ndi TIG, mudzaphunzira kuwerenga mapulani a zomangamanga ndi kugwira zitsulo zosachita dzimbiri, ndipo pobwerera mukhoza kunyamula makina anuanu, chopalira zitsulo ndi jenereta. Munthu wobwera ndi zimenezi sasowa chochita kuno, kumene kuli minda ya nzimbe ya Nchalo ndiponso ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, zimene zimafuna amisiri a mapaipi ndi mapampu. Wobwera ndi wailesi yaikulu ndi nsapato zokongola amakhala atazigulitsa chaka chisanathe.

Tsono zonse ndafotokozazi zimakhazikika pa mapepala. Pasipoti ya Malawi imakulolani kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 okha, ndipo chidindo chimenecho si chilolezo chogwirira ntchito. Chilolezocho chimapemphedwa musananyamuke, kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe, mutakhala ndi kalata ya amene akufuna kukulembani ntchito, ndipo satifiketi yanu imayenera kuunikidwa ndi bungwe la SAQA kuti aivomereze kumeneko. Sindikubisirani kuti njirayi ndi yovuta ndipo imatenga nthawi, n'chifukwa chake ambiri amangopitirira masiku awo n'kumakhala mobisala. Wotero malipiro otsikitsitsa aja amangowamva kwa anzake, chifukwa bwana akamudyera sangapite kukadandaula, kubanki zimamuvuta kutsegula akaunti, ndipo akagwidwa amakasungidwa ku Lindela ku Krugersdorp kudikira kubwezedwa, n'kuletsedwanso kulowa m'dzikolo kwa nthawi. Kumbukiraninso ziwawa zochitira alendo za mu 2008 ndi 2015, pamene Amalawi ambiri anabwera pa mabasi atasiya katundu yense.

Msuweni wanuyo musamufunse ngati kuli bwino, pakuti palibe wa ku Joni amene amavomera kuti zikumuvuta, ndipo zithunzi za pa Facebook amajambulitsa pa galimoto ya bwana. Mufunseni kuti amalipira lendi ya ndalama zingati, amagona angati m'chipindamo, takisi yopita kuntchito imadya zingati pa sabata, ali ndi chilolezo cha mtundu wanji, ndiponso dzina la shopu imene akuti ikulembani. Zimene zitsale mukachotsa zonsezi pa malipiro ndiye phindu lanu lenileni.

Musaiwalenso kuti kunja si ku Joni kokha. Mozambique tili nayo pakhomo, potulukira pa Marka kapena pa Mwanza, ndipo ku Tete ndi ku Moatize kumene kuli migodi ya malasha amisiri a zitsulo amafunika. Wolankhula Chisena kapena Chimang'anja sakhala mlendo kwenikweni m'mbali mwa Zambezi, ndipo uthenga wa maliro ukabwera amatha kufika kumudzi msanga. Kumenekonso chilolezo chimafunika, ndipo Chipwitikizi muyenera kuchiphunzira.

Za ng'ombeyo, maganizo anga ndi akuti isagulitsidwe kalata ya ntchito isanafike, ndipo ikamagulitsidwa ikhale yamphongo, zazikazi zitsale kuti khola lisafe. Pasipoti yokha mukhoza kuisonkhera pang'onopang'ono ndi ndalama za kashopu. Mayi anu musawaone ngati akukutsekerezani mwayi, chifukwa anaona anthu amene anapita osabwerako. Ambiri mwa matchona sanaiwale kwawo, koma anachita manyazi kubwera chimanjamanja zaka zitapita. Khalani pansi ndi makolo musananyamuke, mugwirizane kuti ndalama zoyamba zibwezera ng'ombe m'khola, zotsatira zigula malo kumtunda kumene madzi safika, ndipo gawo lina lizisungidwa mu akaunti ya dzina lanu, chifukwa ndalama zongotumiza popanda chimene munapangana zimathera m'mavuto a abale onse.

FUNSO: Aphungu, amuna anga akhala ku Durban zaka 9 ndipo akuti tsopano anapatsidwa chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Akufuna kuti ine ndi ana athu awiri tiwatsatire. Kodi tikapita sititaya unzika wa Malawi pamodzi ndi munda wathu? Mayi wa ku Nsanje.

YANKHO: Mayi, chilolezo chokhazikika si unzika, choncho amuna anu akadali Mmalawi ndipo inunso mudzakhalabe Mmalawi ndi pasipoti yanu. Ngakhale atadzatenga unzika wa kumeneko m'tsogolo, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika kumapeto kwa 2018 kuti Mmalawi azitha kukhala nzika ya mayiko awiri. Phindu lake kwa inu ndi looneka: banja likhala pamodzi m'malo modyetsa makomo awiri ndi malipiro amodzi, ana aphunzira m'sukulu za boma popanda kuthawa m'kalasi chifukwa chakuti mwasanduka msasa wa othawa madzi, ndipo okhala ndi chilolezo chokhazikika amaloledwa kupempha thandizo la ana limene bungwe la SASSA limapereka akakwaniritsa zofunika zake.

Komabe chilolezo cha amuna anu sichikuphimbani inu chokha. Inu ndi mwana aliyense mufunika pasipoti yakeyake ndi chilolezo chakechake, ndipo popempha adzafuna setifiketi ya ukwati ndi zikalata za kubadwa kwa ana zochokera ku NRB, kotero ngati ukwati wanu unathera pa malowolo ndi ankhoswe okha, yambani mwaulembetsa. Apempheni bambowo akutumizireni chithunzi cha chikalata chawocho muchione ndi maso anu musanagulitse kanthu kalikonse. Munda musausiye pa mawu a pakamwa. Pitani kwa amfumu ndi mboni za mbali zonse ziwiri za banja, mulembe dzina la amene aziulima ndi kuti mwangomubwereka, ndipo mufunse ku ofesi ya za malo kwa DC ku Nsanje za kalembera amene lamulo la malo a makolo la 2016 limalola. Pepala limodzi lisale kwa amfumu, lina mupite nalo ku Durban.