Kodi wolandira salale ya pamwezi sayenera kulipidwa ovataimu?

Mayi wina amene amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe watumiza funso pa imelo. Kontirakiti yawo imati azilowa 8 koloko m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Koma masiku ambiri amaweruka cha m'ma 7 koloko usiku, ndipo Loweruka amaitanidwa kukagwira mpaka masana. Atafunsa za malipiro a maola owonjezerawo, abwana anawayankha kuti ovataimu ndi ya anthu olipidwa pa ola, wa salale alibe nthawi yowerukira. Funso lawo ndi lakuti: kodi zimenezi n'zoona, nanga angatani popanda kutaya ntchito?

Achemwali, zimene anakuuzani abwanazo si zimene lamulo likunena. Salale imene mumalandira ndi malipiro a maola amene munagwirizana mu kontirakiti. Kampani sinagule usiku wanu kapena Loweruka lanu.

Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi Employment Act la chaka cha 2000. Limakhudza ogwira ntchito m'makampani ndi m'boma momwe, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Gawo 36 limati maola a ntchito alembedwe mu kontirakiti, ndipo asapitirire 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. Limaletsanso kugwiritsa munthu ntchito masiku oposa 6 otsatizana osamupatsa mpumulo wa maola 24 athunthu. Gawo 37 limaika malire a tsiku limodzi: amene amagwira masiku 5 pa sabata asapitirire maola 12 patsiku, amene amagwira masiku 6 asapitirire maola 8.

Gawo 39 ndiye pagona funso lanu. Ovataimu yagawidwa patatu. Mukagwira kupitirira maola anu pa tsiku la ntchito, ola lililonse lilipidwe mtengo wa ola limodzi ndi theka. Mukagwira pa tsiku limene mumayenera kukhala kunyumba, ola lilipidwe kawiri. Mukagwira pa holide ya boma, monga pa 3 Malichi, 1 Meyi kapena 6 Julayi, lilipidwenso kawiri. Mitengo imeneyi ndi yoyambira, kampani ikhoza kupereka yoposa apa koma osati yochepera.

Apa pali msampha umene ambiri amakodwamo. Mabwana ena amati ovataimu imayamba munthu akadutsa maola 48 pa sabata. Ayi. Nambala ya 48 ndi malire amene kontirakiti siyenera kudumpha. Ovataimu yanu imayambira pamene athera maola amene mumagwira mwa nthawi zonse pamalopo. Kwa inu ndi 5 koloko madzulo. Loweruka nalonso, poti mu kontirakiti yanu mulibe, ndi tsiku lanu lopuma, ndiye ndi la kawiri. Mnzanu amene kontirakiti yake imati azigwira Loweruka mpaka masana sangawerengere choncho.

Tiyeni tiwerengere, chifukwa nkhani imeneyi imamveka bwino ikasanduka makwacha. Tiyerekeze kuti salale yanu, msonkho asanadule, ndi K520,000 pamwezi, ndipo ola la nkhomaliro siliwerengedwa, ndiye mumagwira maola 8 patsiku, 40 pa sabata. Chulukitsani salale ndi miyezi 12, mupeza K6,240,000 pachaka. Chulukitsani maola 40 ndi masabata 52, mupeza 2,080. Mukagawa, ola lanu limodzi ndi K3,000. Ola la madzulo ndiye K4,500, la Loweruka K6,000. Kuweruka 7 koloko masiku asanu ndi maola 10, amene ndi K45,000. Loweruka kuyambira 8 mpaka 12 koloko ndi maola 4, amene ndi K24,000. Pa sabata ndi K69,000, pa masabata anayi K276,000. Imeneyo ndi ndalama yoposa theka la salale, ndipo mukuisiya pa desiki mwezi ndi mwezi. Makampani ena amagawa salale ndi masiku 22 kapena 26 m'malo mwa njira ndaonetsayi, choncho funsani a HR, ofesi yoona za ogwira ntchito pa kampani, njira imene amatsata, ndipo muone ngati ikugwirizana ndi masiku amene inu mumagwira. Dziwaninso kuti ndalama ya ovataimu imadulidwa msonkho wa PAYE ngati malipiro ena onse.

Pamwamba pa apo pali zotuluka m'thumba mwanu zimene palibe amazilemba. Wotuluka mu ofesi 7 koloko ku Limbe amapeza minibasi zachepa, mitengo yakwera, mwina atsirize ulendo pa kabaza mumdima, ndipo kunyumba wolera ana naye wadikira maola awiri osalipidwa.

Tsopano tengani kontirakiti yanu muiwerenge modekha. Gawo 27 limalamula olemba ntchito kupereka chikalata chosonyeza malipiro, kawerengedwe kake ndi maola a ntchito, ndiye ngati mulibe, chipempheni. Makontirakiti ambiri a mu ofesi amakhala ndi chiganizo chonena kuti wantchito angafunike kugwira maola owonjezera ntchito ikachuluka. Chiganizo chotere chimapatsa abwana mpata wokupemphani kuti mutsale, koma sichinena kuti mutsale mwaulere. Ena amalemba kuti salale yaphatikiza kale ovataimu. Zikatero funsani kuti ndi maola angati amene aphatikizidwa, pa mtengo wanji, ndipo akuoneka pati pa payslip. Gawo 51 limati malipiro aliwonse azibwera ndi chikalata chofotokoza ndalamazo mwatsatanetsatane. Ovataimu imene palibe angailoze ndi chala pa pepala ndi yokayikitsa.

Chimene chimagwetsa madandaulo ambiri otere si lamulo ayi, koma umboni. Munthu amapita ku ofesi ya leba patatha zaka zitatu n'kunena kuti ndinkaweruka usiku tsiku lililonse. Akamufunsa kuti tsiku liti, maola angati, anakutumani ndani, amasowa choyankha. Kampani imangotulutsa buku losainira pageti losonyeza 5 koloko, kapena kunena kuti munthuyo ankatsala mwa kufuna kwake podikira kuti magalimoto achepe pamsewu.

Choncho kuyambira mawa gulani kakope, kazikhala m'chikwama chanu osati mu dilowa ya ku ofesi. Tsiku lililonse lembani deti, nthawi yolowa, nthawi yoweruka, ntchito imene munatsalira ndi dzina la amene anakutumani. Mzere umodzi ukwanira: Lachitatu, kulowa 7:50, kuweruka 7:10 usiku, kutseka mabuku a mwezi, anatuma ndi abwana a nthambi. Polemba m'buku la pageti lembani nthawi yeniyeni, ngakhale anzanu onse akulemba 5 koloko. Mauthenga a pa WhatsApp okuitanani Loweruka ajambuleni n'kuwasunga. Abwana akakuuzani pakamwa kuti musachoke lipoti lisanathe, atumizireni uthenga waufupi waulemu: “Bwana, monga mwanenera, nditsala kuti ndimalize lipoti lija, ndikuyembekeza kuweruka cha m'ma 7.” Uthenga umenewo ukusonyeza kuti simunatsale mwa kufuna kwanu. Izi n'zofunika kwambiri pa kampani imene ili ndi lamulo loti ovataimu ivomerezedwe kaye. Ngati pali fomu yake, idzazeni nthawi zonse, ndipo yokanidwayo sungani kope lake. Chenjerani pa chinthu chimodzi: musatulutse zikalata zachinsinsi za kampani poti mukufuna umboni. Inu wa ku akaunti, chimenecho chokha chikhoza kukuchotsetsani ntchito pa mlandu wina.

Mukasonkhanitsa za mwezi umodzi kapena iwiri, lembani kalata kwa abwana anu ndi a HR. Isakhale yaukali kapena yoopseza. Muikemo maola a mu kontirakiti, maola amene mwagwira, kuwerengera kwanu, ndi gawo 39, kenako mupemphe kukambirana. Uzani wolandira kalatayo asaine pa kope lanu ndi kulemba deti. Ngati muli angapo ovutika mofanana, sainani limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo n'kovuta kuti abwana anene kuti anthu asanu onse ndi aulesi. Pamene pali bungwe la ogwira ntchito, yambirani kwa nthumwi yake.

Pokambirana mukhoza kumva kuti ndalama palibe, koma tikupatsani masiku opuma. Ngati inu mwakonda, onetsetsani kuti zalembedwa, masikuwo atchulidwa, ndipo sakuchotsedwa pa tchuthi chanu cha pachaka, chimene kwa wogwira masiku 5 pa sabata sichichepera masiku 15 a ntchito. Ine ndikuona kuti chofunika kuposa ndalama ndi kufunsa chifukwa chake ntchito siikutha mu maola 8. Kutsala masiku atatu a kumapeto kwa mwezi ndi chikhalidwe cha ntchito ya maakaunti. Kutsala tsiku ndi tsiku ndi chizindikiro choti munthu mmodzi wasenzetsedwa ntchito ya anthu awiri, ndipo ovataimu ikayamba kulipidwa, kampani imaona yokha kuti kulemba wina n'kotchipa.

Musapeputse za thupi lanu. Mu chitsanzo chija mukugwira maola 54 pa sabata. Kafukufuku amene mabungwe a pa dziko lonse a WHO (la zaumoyo) ndi ILO (la za ntchito) anatulutsa mu 2021 anapeza kuti ogwira maola 55 kapena kuposa pa sabata ali pa chiopsezo chodwala sitiroko chokwera ndi 35 peresenti, ndi chomwalira ndi matenda a mtima chokwera ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Anawerengera kuti mu 2016 anthu 745,000 pa dziko lonse anamwalira chifukwa cha zimenezi.

Kampani ikakana kapena kungokhala chete, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu ndi kontirakiti, ma payslip, kakope kaja ndi kope la kalata. Gawo 64 limapatsa mkulu wa leba udindo woyesa kuthetsa mkanganowo, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court, limene lili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Mantha anu otaya ntchito ndi omveka, chifukwa ntchito n'zosowa ndipo abwana okwiya ali ndi njira zambiri zovutitsira munthu. Komabe gawo 57 limati kukasuma kuti olemba ntchito aphwanya lamulo si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu, ndipo gawo 61 limati pa mlandu wochotsedwa ntchito, kampani ndiyo imayenera kusonyeza chifukwa chake. Musasiye ntchito mwaukali, musajombe, ndipo musasaine pepala lonena kuti mwalandira zonse ngati simunalandire. Zikafika poti akuchotsani, kadandauleni ku ofesi ya leba pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene mwachotsedwa.