Kwa achemwali amene abambo awo awapeza ndi khansa ya pakhosi

Achemwali, pepani ndi matendawa. Mwati abambo akhala ndi mawu osasa kwa miyezi inayi, adokotala adula kanyama kukayeza ndipo apeza khansa ya pakhosi ya siteji 1, kutanthauza yongoyamba kumene, ndiye mukufunsa ngati avomere opaleshoni, kuwotcha, kapena ayese kaye azitsamba monga akunenera achibale. Ine si dokotala ayi. Ndinali gadiyani wa malume anga pa matenda omwewa, choncho ndinena zimene ndinaona ndi zimene madokotala ankatifotokozera.

Yambani mwatsegula buku lawo la kuchipatala muone mawu amene alembamo. Ife timangoti "pakhosi", koma pamenepo padutsa njira ziwiri. Akalemba larynx kapena glottic, akunena kholingo, pamene pamachokera mawu. Akalemba oesophagus, akunena kum'mero, kodutsa chakudya. Ya kum'meroyo ndi yofala kwambiri kuno ku Malawi, imayamba ndi nsima kukanirira pomeza, ndipo chithandizo chake n'china. Poti abambo anayamba ndi kusasa mawu, ndikuganiza kuti yawo ndi ya kholingo, ndipo zonse ndinenezi ndi za imeneyo.

Ngati ndi choncho, mwaipeza pa nthawi yabwino. M'kholingo muli tinyama tiwiri timene timanjenjemera munthu akamalankhula. Kachotupa kakangomera pamenepo mawu amasintha msanga, n'chifukwa chake khansayi imatha kugwidwa idakali yaing'ono, isanafalikire m'khosi. Pa siteji 1, mwa anthu 10 amene alandira chithandizo, pafupifupi 9 amachira, ndipo ambiri kholingo lawo limatsala.

Njira zake zenizeni ndi ziwiri, ndipo pochiritsa zimafanana mphamvu. Ina ndi opaleshoni yodzera m'kamwa. Munthu amamugoneka tulo, n'kulowetsa kachipangizo mpaka pakholingo, n'kuchotsa kachotupako, nthawi zambiri ndi laser, kuwala kwamphamvu kodula ngati mpeni. Khosi salicheka kunja, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ubwino wake ndi woti zimatha msanga, komanso khansa itati yabwerera, akhoza kubwereza kapena kuwotcha. Koma imafuna chipangizo ndi dokotala wozolowera ntchitoyo, ndipo mawu amatsala bwino kapena ayi malinga ndi kukula kwa kanyama kamene achotsa. Mufunse madokotala a khutu, mphuno ndi pakhosi, ngati a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ngati kachotupa ka abambo kali pamalo potheka kukachotsa motero.

Ndikudziwa chimene achibale akuopa akamva za opaleshoni. Anaonapo munthu wopumira pa bowo la pakhosi, wosatha kulankhula. Imeneyo ndi opaleshoni ina, yochotsa kholingo lonse, ndipo imachitika khansa ikakula kapena ikabwerera. Chimene chimafikitsa munthu kumeneko kawirikawiri ndi kudikira: tikolole kaye, tigulitse kaye fodya, timalize kaye botolo la asing'anga. Ife tinataya miyezi iwiri chifukwa azakhali ena ankati khansa ikaona mpeni imakwiya. Mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ndinawamvera.

Malume anadzera njira yachiwiri, ya radiotherapy, imene timati kuwotcha. Dzinalo ndi loopsa kuposa chinthucho, mulibe moto m'menemo. Asanayambe anawaumbira chigoba cha pulasitiki cha timabowo ngati sefa. Anachifewetsa ndi kutentha, n'kuwavundikira nacho kumaso ndi pakhosi mpaka chinauma motsatira nkhope yawo. Tsiku lililonse ankagona pabedi la makinawo, chigobacho n'kuchimangirira kuti mutu usasunthe, makina n'kuzungulira. Pakatha mphindi 10 kapena 15 ankatuluka akumanga mabatani a malaya, akufunsa ngati zinali zomwezo. Zimachitika Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata 4 mpaka 7 malinga ndi mmene adokotala agawira.

Masabata awiri oyamba simuona chilichonse, ndipo musanyengeke nazo. Kuyambira sabata yachitatu pakhosi pamayamba kuwawa pomeza, khungu limada n'kumasupuka, mawu amasasa kuposa poyamba. Malume anafika pongonong'ona, ndipo anauza amayi anga kuti makinawo akuwonjezera matenda, basi asiya. Apa ndiye pamafunika gadiyani wolimba mtima, chifukwa kudumphadumpha masiku kumachepetsa mwayi wochira. Ululuwo umapitirira sabata imodzi kapena ziwiri akamaliza, kenako umayamba kuzilala. Mankhwala a ululu alipo, muziwapempha, ndipo amwe kukatsala pang'ono kuti adye. Ine ndinkaphika phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, mkaka ndi dzira, n'kulisiya lizizire. Ndinkakanyanso mapeyala ndi nthochi zakupsa. Tsabola, mandimu ndi tiyi wotentha tinasiya kaye. Pakhungupo musapakepo chilichonse chimene anamwino sanavomere. Ndipo munthu wowotchedwa motere satenga mphamvu ya makinawo kupita nayo kunyumba, akhoza kunyamula zidzukulu popanda vuto.

Nthawi ya malume makinawa kunalibe kuno kwathu, odwala ankatumizidwa ku India, Tanzania kapena Zambia. Mu 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kuwotcha, ndipo mu 2025 boma nalo linatsegula malo ake a khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati mumakhala kutali, konzeranitu kogona ndi thiransipoti ya masabata onsewo musanayambe.

Chemo, mankhwala a m'diripi amene ena amathothoka nawo tsitsi, kawirikawiri safunika pa siteji 1. Musadabwe akapanda kuitchula.

Maganizo anga ndi awa. Mufunse adokotala kuti opaleshoni yodzera m'kamwayo ingachitike liti, komanso kuti kuwotcha kungayambe liti. Ngati onse akuti njira ziwirizi n'zoyenera kwa abambo, tengani imene iyambe msanga ndiponso imene mungathe kuimaliza. Ngati abambo amadyera mawu, monga aphunzitsi kapena alaliki, muwauze adokotala, chifukwa zimenezo amaziganizira posankha. Mapemphero apitirire, koma azitsamba asalowe m'malo mwa tsiku la kuchipatala, ndipo chilichonse chimene akumwa adokotala achidziwe.

Fodya asiye lero, kaya ndi wa m'paketi kaya chingambwe. Kusuta uku akuwotchedwa kumafooketsa chithandizo ndipo kumaitana khansa ina. Mowa nawonso, makamaka kachasu. Akamaliza azipitabe kukaunikidwa pakhosi, pafupipafupi chaka choyamba, kenako motalikirana mpaka zaka 5. Malume mawu awo anabwerera patapita miyezi ingapo, okhuthala pang'ono kusiyana ndi kale, ndipo amatsogolerabe nyimbo kumaliro.

Pamene mukudikira tsiku, mukamva abambo akupuma molira ngati muluzu kapena akubanika, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala usiku womwewo. Ndipo tsiku lokaonana ndi adokotala mulowe nawo m'chipindamo muli ndi cholembera. Malume ankangoti "chabwino adokotala" pa chilichonse, tikatuluka n'kundifunsa ine kuti amati chiyani.