Za mabuleki a Coaster yanuyo, achimwene

Achimwene, ndawerenga zanuzi thupi lachita tsembwe, chifukwa Coaster, basi ya Toyota ya ku Japan, imene mukufuna kuitanitsa kuti iziyenda Ulongwe ndi Tete ndi mtundu womwewo umene unatsala pang'ono kundiphera anthu. Enawa akukuuzani kuti bola ikhoze inspecção (mayeso oona ngati galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) basi. Ine ndikukana. Pepala la inspecção ndinali nalo, lodinda bwinobwino, tsiku limene mabuleki anakana kugwira.

Yanga inatsikira pa doko la Beira. Amene ankayendetsa zonse ndi mkulu wina wodziwika ndithu kwa anthu a machapa (maminibasi onyamula anthu), dzina sinditchula, akudzidziwa yekha, mwinanso ali m'gulu lomwe lino akuwerenga. Anandilipiritsa ndalama yapadera, akuti yokonzetsera mabuleki komweko kuti basi ikafika ingoyamba ntchito. Anabwera nayo yotsukidwa bwino, livrete (bukhu la galimoto), seguro (inshuwalansi), pepala la inspecção, zonse mu envelopu imodzi. Mu tauni ya Tete inkaima bwinobwino. Pa mlatho wa Samora Machel, ku Matundo, ukaponda inkagwira. Ndani akanakayika?

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Tinanyamuka ku Ulongwe titadzaza mipando yonse, kumbuyo matumba a mbatatesi ndi nyemba za amayi okagulitsa ku msika wa Kwachena ku Tete. Ine ndinakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Titadutsa pa Mussacama n'kulowa msewu waukulu wochokera ku Zóbuè, mukudziwa mmene umatsetserekera kulowera ku Moatize, ukatha mtsetse uwu wina wayamba, mathiraki ochokera ku Malawi ali ndondondo. Ndinayamba kumva fungo la chinthu chopserera. Ndisanafunse n'komwe, ndinangoona mwendo wa dalaivala wafika pansi. Anapopa, anapopanso, chopondera chikungolowa chopanda kanthu. Anagwetsa kandodo ka buleki ya ekizozi, ija yochepetsa liwiro pogwiritsa ntchito injini, zii, palibe chinasintha. Kutsogolo kwathu thiraki yolemedwa ikukwawa, kumanja kukubwera ina. Mnyamata uja sanakuwe ayi, anangonena chapansipansi kuti "bwana, mulibe." Analimbana ndi giya, bokosi likukukuta mano, mpaka inalowa yachitatu, kenako yachiwiri, injini ikulira mochititsa mantha. Kumbuyo anthu anali atazindikira kale. Mayi wina akuitana Yesu, wina akukankhira mwana wake pansi pa mpando, cobrador (kondakitala) wagwira chitseko akufuna kudumpha ine ndikumukalipira kuti asayerekeze. Kumbuyo kwa thiraki ija ndinkatha kuwerenga zilembo zake chimodzichimodzi. Dalaivala anaikhotetsera kumanzere, mateyala n'kulowa m'ngalande, nthiti ya basi n'kumakhula dothi la m'mbali mwa msewu, magalasi akusweka, mpaka inaima. Matumba onse anabwera kutsogolo pamwamba pa anthu. Agogo ena aakazi thumba linawathyola mkono. Sanalire, anangougwira mkonowo ndi dzanja linalo akundiyang'ana, ndipo ndine amene ndinawanyamula kuwakweza galimoto ya munthu wodutsa kupita nawo kuchipatala ku Moatize. Pamene tinkachoka, mateyala akutsogolo anali akufukabe utsi.

Makaniko wanga atachotsa mateyala onse ndi pamene ndinapsa mtima zenizeni. Paipi yopita ku teyala lakumbuyo kumanzere inali itapindidwa n'kuphwanyidwa ndi hamala, dala, kuti mafuta asadutse. Silinda ya teyala limenelo inkadontha, ndiye m'malo mogula ina munthu anangoitseka. Mbali inayo zogwirira m'kati mwa dramu zinali zitadyeka mpaka pachitsulo. Waya wa buleki ya ekizozi unali lende, wosalumikizidwa. Ndiye kuti basi yonse, anthu ndi katundu, inkaimitsidwa ndi mateyala awiri akutsogolo okha. Mafuta a buleki anali akuda bii, sindikukhulupirira kuti anasinthidwapo chichokereni ku Japan. Makanikoyo anandifotokozera kuti mafutawa amamwa chinyezi akamakalamba. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 205 Celsius, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 140. A DOT 4 ndi 230 ndi 155. Pamtsetse wautali mabuleki akatentha, mafuta amawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndiye ukaponda umangopanikiza nthunziyo. Choipa chake, zikazizira buleki imabwerera ngati palibe chinachitika. N'chifukwa chake mu tauni simungadziwe.

Nditamuimbira mkulu uja anandiyankha kuti galimoto ya kaunjika ndi choncho, ndiponso poti inadutsa inspecção iye mlandu alibe. Inadutsa bwanji? Aliyense amene anapitako akudziwa kuti basi amaikweza pa zogudubuza zija, makina n'kuonetsa mphamvu ya teyala lililonse palokha, lakumanja ndi lakumanzere, ndipo zikasiyana kwambiri yalephera. Teyala lotsekedwa paipi silingabisale pamenepo. Basi yanga sinapondepo pa makinawo, pepalalo analipeza m'njira zake. Ndalama ya mabuleki anadya, ya agogo aja kuchipatala ndinalipira ndine, magalasi ndine, mwezi wathunthu basi ili pa majeki ngongole ikuyenda. Sanabwere ngakhale kudzawaona agogowo. Mpaka lero amandipatsa moni pa siteji ngati munthu, ndipo akuitanitsirabe ena magalimoto. Anthu otere ndi amene amatiphetsa, kenako mawailesi n'kumanena kuti madalaivala a machapa ndi osasamala.

Ndiye achimwene, musanatumize ndalama, auzeni ogulitsawo akujambulireni pansi pa basi, osati mipando ndi penti zokha. Kumpoto kwa Japan kumagwa chipale ndipo amathira mchere m'misewu, mapaipi a buleki amadyeka ndi dzimbiri thupi likuoneka lokongola. Ikafika, mateyala onse achoke inu muli pompo, madramu atsegulidwe, muone ndi maso anu. Mafuta akale atayidwe onse, mapaipi a labala osweka asinthidwe, ma calços (zogwirira za mabuleki) ndi masilinda mugule enieni ngakhale adule. Tsatirani paipi iliyonse ndi chala kuchokera kutsogolo mpaka ku teyala. Buleki ya ekizozi iyesedwe pamsewu, muimve kuti ikugwira. Zimitsani injini, pondani kangapo mpaka chopondera chilimbe, lizani injini mutapondabe: chikapanda kutsika pang'ono, vakyumu yowonjezera mphamvu ya buleki ili ndi vuto. Mukasintha maganizo n'kutenga basi yaikulu ya mabuleki a mpweya, tsegulani matanki pansi muone ngati mukutuluka madzi kapena oyilo, ndipo mukazimitsa injini muvi wa mpweya usamatsike. Powerengera ndalama ya ku Alfândega (kasitomu) ndi msonkho wa IVA wa 16 peresenti uja, ya mabuleki muiike payokha, isakhudzidwe.

Ku inspecção mupite nayo nokha, muime pafupi muone manambala a teyala lililonse. Pepalalo musayende opanda, apolisi a pamsewu sadzakumverani, komanso laisensi yonyamula anthu simungaipeze popanda ilo. Za ku doko musalimbane nazo nokha, mungataye miyezi basi ikulipira malo. Pamafunika despachante (woombola katundu ku kasitomu), ndi NUIT yanu (nambala ya msonkho) ikhale yokonzeka. Munthu woti akuyendetsereni zinthu ku Beira amafunikanso ndithu, ine ndikanati ndiitanitse ina ndikanafunabe wina wotero, bola ndalama ya mabuleki isadutse m'manja mwake. Coaster yokha ndi galimoto yolimba, gulani, yanga ija ikuyendabe msewu womwewo.

Chinanso, kuchokera ku Beira kudzera ku Chimoio, Catandica mpaka Changara ndi ulendo wautali, ndiye mabulekiwo aonedwe isananyamuke, ndipo ibwere yopanda anthu ngakhale dalaivala akuuzeni kuti apezerapo ya dizilo. Ngati mulibe makaniko womukhulupirira ndilembereni ku inbox, wanga amavomera kupita ku Beira mukamulipirira ulendo ndi pogona.