Nyumba yakale ku Swansea yada ndi nkhungu, kodi tiike insulation?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe ndi namwino ku Swansea, ku Wales uko. Dzina sinditchula. Mwachidule analemba kuti: "Tagula nyumba ya terrace, zija zolumikizana mumzere, yomangidwa cha m'ma 1900, ili chakufupi ndi nyanja. Nthawi yozizira mawindo amachita kuyenderera madzi m'mawa ulionse, kuseri kwa wodilopu kwada bii ndi nkhungu, bilu ya gasi nayo ikutilizitsa. Kunabwera bambo wina wa kampani akuti atipopera foam kudenga ndikumata ma board m'makoma monse kuti mphepo isamalowenso. Amuna anga akuti tingolipira dipoziti zithe. Inu mukuti bwanji?"

Dipozitiyo ikhale kaye m'thumba achemwali. Insulation, zija zofunditsira nyumba kuti kutentha kusathawe, siyoipa ayi, ine ndemwe kwanga ndinaika, koma nyumba yanuyo pakali pano vuto lake lalikulu ndi madzi, kuzizirako kukungotsatira, ndipo mukaifunditsa idakali yonyowa mudzakhala mwatsekera chinyezicho mkati, chizikadya matabwa ndi pulasitala mwakachetechete inu muli pa shift ya usiku.

Choyamba tulukani panja muyang'ane khomalo. Ngati njerwa zikuoneka, onani ngati pali zina zoikidwa chopingasa, zongoonetsa kamutu kafupi pakati pa zazitali. Zikakhalapo ndiye kuti khoma lanu ndi lophatikana, lilibe mpata pakati. Nyumba zambiri za ku UK zomangidwa 1920 isanafike ndi zotero, ndipo ku Swansea zambiri ndi za miyala zomwe anazipaka pulasitala kunja. Makoma okhala ndi mpata pakati, aja amati cavity, anafala cha m'ma 1920 ndi 1930. Kusiyana kwake nkwakukulu. Khoma la cavity mvula imanyowetsa mbali yakunja yokha, madzi nkutsikira mumpatamo osafika mkati. Khoma lakale lija limamwa madzi mvula ikamagwa kenako limawalavula kukacha, ndipo limatha kutero chifukwa amisiri anthawi imeneyo ankamangira laimu, yemwe amalola chinyezi kudutsa. Nyumba imeneyi yakhala zaka zoposa 100 ikunyowa ndikuuma, ikunyowa ndikuuma, ndi moto wamalasha ukuyaka m'chumuni kukoka mpweya usana ndi usiku.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa zomwe zimachitika munthu akapeza tindalama nkupaka simenti nyumba ya zidina. Chaka choyamba imaoneka bwino kwabasi, anthu nkumati akutiakuti atukuka. Zikadutsa mvula ziwiri zitatu pulasitala uja amayamba kulira ngati ng'oma ukamugogoda, kenako amagwa chipapati chonse, m'munsimo zidina zitasanduka phala, chifukwa madzi analowa pa mng'alu koma potulukira panalibe. Ndi zomwezo zimachitikira nyumba zakale za ku Wales zomwe anthu am'mbuyomu anazipaka simenti yolimba ndi penti wapulasitiki.

Ndiyeno kwanuko mvula yake si yamasewera. London imalandira pafupifupi mamilimita 600 pachaka, pomwe magombe akumwera kwa Wales amapitirira 1,000, komanso sikuchuluka kokha, ndi kagwedwe kake, imabwera chammbali ndi mphepo yochokera kumwera chakumadzulo nkumamenya khoma ngati munthu akulithira ndi paipi. Kwathu mvula ikagwa Disembala mpaka Malichi, dzuwa la Okutobala limadzaumitsa zonse. Kumeneko khoma lilibe Okutobala.

Tsono madzi m'nyumba yanu akuchokera mbali ziwiri ndipo muyenera kudziwa mbali yomwe ikukuvutani kwambiri. Akunja: ma gutter, aja olandira madzi m'mphepete mwa denga, otsekeka ndi ndere kapena othyoka, sileti imodzi yosuntha padenga, ming'alu mu pulasitala wakunja, chumuni chosavindikira, ndi dothi kapena konkire wapabwalo amene anamukweza mpaka kufika pafupi ndi msinkhu wa pansi pa nyumba, pamene pamayenera kutsala mpata wa masentimita 15 kuchokera pansi kufika pa mzere uja wotchinga chinyezi, ngati nyumba yanu ili nawo. Tsiku lomwe ikugwa yamphamvu valani jekete mutuluke, muzungulire nyumbayo mukuyang'ana m'mwamba. Anthu aziti mwapenga koma mphindi khumi zimenezo mudzaona zambiri kuposa bambo wa foam uja.

Amkati ndiye tikambirane mosabisa, chifukwa apa ife Amalawi tili ndi mlandu. Timaphika nyemba maola atatu poto ali pululu, nsima tsiku ndi tsiku, madzi a tiyi akuwira, mayunifomu tayanika pa radiator, bafa lotentha anthu asanu motsatizana, mawindo onse titatseka ndi! chifukwa tikuopa kuzizidwa. Ine chaka changa choyamba ndinaona kabowo kopumira pakhoma la kuchipinda kakulowetsa mphepo, ndinakatseka ndi nyuzipepala nkumata selotepi, ndikudziona ngati wochenjera. Pofika Febuluwale suti yanga yakutchalitchi inali itamera zobiriwira paphewa. Nthunzi yonseyo imafuna pozizira pokatera. Mpweya wa madigiri 20 wokhala ndi chinyezi cha 60 peresenti umasanduka madzi ukakhudza chinthu chozizira pafupifupi madigiri 12, ndipo ngodya ya khoma lakunja kuseri kwa wodilopu, komwe hita siifika, mu Januwale imatsika kufika pamenepo mosavuta. Nkhungu yakuda ya timadonthomadontho m'makona, m'mphepete mwa mawindo ndi kuseri kwa katundu nthawi zambiri ndi ya nthunzi yathu yomwe. Banga lachikasu kapena lofiirira lomwe limakula mvula ikagwa ndi madzi akunja. Momwe mwafotokozeramu ine ndikukayikira nthunzi kwambiri.

Gulani ka hygrometer, kachipangizo kakang'ono koyeza chinyezi, nkotchipa kuposa takeaway ya anthu awiri. Mukaike kuchipinda. Pakati pa 40 ndi 60 peresenti zili bwino, kakamangokhala pa 70 kupita m'mwamba masiku ambiri ndiye kuti nkhungu yapeza mudzi.

Ndalama yoyamba yeniyeni ipite ku ma fan otulutsa mpweya. Ku bafa fan yokoka malita 15 pa sekondi, kukhitchini malita 30 ngati ili pamwamba pa cooker penipeni, 60 ngati ili pena, amenewo ndi manambala a m'malamulo a zomangamanga. Ndipo muonetsetse kuti paipi yake yatulukira panja zenizeni, chifukwa ndaonapo nyumba zomwe fan ya kubafa imangolavulira nthunzi mu loft, mpata uja wa pakati pa siling'i ndi denga, komanso ma hood akukhitchini ena amangozunguliza mpweya womwewo, fungo la usipa nkuchepa koma madzi onse nkutsala. Yesani ndi ka tishu, fan ikamayenda kazikakamira. Kwa banja lophika ngati lathu ine ndimakonda ma fan aja oyenda pang'onopang'ono usana ndi usiku nkumadzikweza okha chinyezi chikachuluka, magetsi ake ndi ochepa ndipo palibe zokumbutsana ndi ana kuti wayatsa fan kodi. Poto muzivindikira, chitseko cha kukhitchini muzitseka pophika, nyemba gulirani pressure cooker, zovala muziyanika m'chipinda chimodzi chotseka muli dehumidifier, makina oyamwa chinyezi mumpweya. Wodilopu muikokere kutali ndi khoma lakunja mpata woti dzanja lilowe, kapena muisamutsire ku khoma lomwe mumagawana ndi aneba, limenelo limakhala lofunda.

Zikatheka izi ndiye mutseke mphepo, koma mosankha. Tsekani m'mphepete mwa zitseko ndi mawindo, pa letterbox, mipata ya pakati pa matabwa apansi ndi m'munsi mwa skirting, matabwa aja a m'munsi mwa khoma, pomwe mapaipi abowola khoma pansi pa sinki, makamaka kachitseko kokwerera mu loft, kamene kamathawitsa mpweya wofunda wonyowa kupita kumatabwa a denga. Musatseke ma air brick, tinjerwa tamabowo tija tili m'munsi mwa khoma kunja, timeneto ndi tomwe timapititsa mphepo pansi pa matabwa kuti asaole. Musatseke timipata ta pamwamba pa mawindo, ma trickle vent. Chumuni chomwe simugwiritsa ntchito chivindikireni pamwamba mvula isalowe koma pasiyidwe popumira. Ndipo bowo lililonse lomwe lili m'chipinda chokhala ndi moto wagasi kapena mbaula yankhuni musalikhudze nkomwe, limenelo ndi lopulumutsa moyo, ndipo alamu yochenjeza za mpweya wakupha wa carbon monoxide ikhalepo.

Kudenga ndi komwe insulation imabweza ndalama msanga komanso ngozi yake ndi yochepa. Mineral wool wamba, wa mipukutu uja, wokhuthala mamilimita 270, woyala pamwamba pa siling'i, osaupanikiza ndi masutikesi aja timasunga odzapita nawo kumudzi, ndipo m'mbali momwe denga limakumana ndi khoma musiye mpata mphepo izidutsa. Foam yopopera pansi pa masileti ndiye ayi, kanani ndithu. Imabisa matabwa moti denga likamadontha simuona mpaka ataola, ndipo mabanki ambiri a mortgage ku UK amakana kapena kuvuta kubwereketsa pa nyumba yomwe ili nayo, anthu akulipira ndalama zambiri kuti aichotse pofuna kugulitsa nyumba. Tangoganizani kulipira poika, nkudzalipiranso pochotsa.

Makoma ndi omalizira, ndipo mwina chaka chino musawakhudze nkomwe. Ukamata insulation mkati mwa khoma lakale, khomalo limasiya kulandira kutentha kwa m'nyumba, limazizira kwambiri ndipo limachedwa kuuma, tsono mitu ya matabwa onyamula chipinda chapamwamba, yomwe inalowa m'khoma momwemo, imakhala m'chinyontho chaka chonse. Ma board aja okhala ndi foil, omwe ndikuganiza ndi amene bamboyo akunena, salola chinyezi kudutsa, ndiye pakhoma loyang'ana komwe kumachokera mvula ndi kuitana mavuto. Zomwe akatswiri a nyumba zakale amalimbikitsa ndi zinthu zopuma ngati wood fibre wosakhuthala kwambiri, masentimita 4 mpaka 6, womata khoma popanda mpata kuseri, pamwamba nkupaka pulasitala wa laimu ndi penti wopuma. Sizifunditsa ngati foil pa pepala la manambala koma khoma limakhalabe lamoyo. Yakunja imateteza bwino ku mvula ikaikidwa mwaluso, koma mawu oti mwaluso amenewo ndi olemera: mu Okutobala 2025 a National Audit Office, ofufuza momwe boma la UK limagwiritsira ntchito ndalama, anatulutsa lipoti loti 98 peresenti ya nyumba zomwe zinaikidwa insulation yakunja kwa makoma pansi pa mapulogalamu a boma a ECO4 ndi Great British Insulation Scheme zikufunika kukonzedwanso. Ndiye wina akagogoda pachitseko nkumati boma likulipirirani, musathamangire kusaina.

Pofuna malangizo osakugulitsani kanthu, kuli Nest, pulogalamu ya boma la Wales yothandiza pa zofunditsa nyumba, kulinso SPAB, bungwe losamalira nyumba zakale lomwe linayamba mu 1877, ali ndi foni yofunsirapo mafunso ngati anuwa. Ntchito yaikulu ikadzafika, pezani retrofit assessor, katswiri woyeza nyumba isanafunditsidwe, wotsatira muyezo wa ku UK wa ntchito zimenezi wotchedwa PAS 2035, kapena surveyor wodziwa nyumba zakale, wolipidwa ndi inu, osati uja wa survey yaulere amene mapeto ake amapeza matenda omwe mankhwala ake ali m'galimoto mwake.

Za nkhungu yomwe ilipo kaleyo, inu ndinu namwino sindingakuphunzitseni za chifuwa cha ana. Awaab, mwana uja wa zaka ziwiri wa ku Rochdale amene anamwalira mu Disembala 2020 chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba, mpaka ku England kukhala lamulo lotchedwa Awaab's Law, tonse tinamva. Ipukuteni sabata ino ndi mankhwala ake mutavala magolovesi ndi masiki, zenera lili lotsegula, osaipala youma, ndipo osangopakapo penti pamwamba. Hita nayo ndi bwino iziyaka motsika kwa nthawi yaitali kusiyana ndi kuiwotcha ola limodzi nyumba nkuziziranso zii, ngakhale ndikudziwa kuti ndi mitengo ya gasiyi kunena nkosavuta.

Alamu anga muwauze kuti ndalama ya dipozitiyo igule kaye makwerero oyeretsera ma gutter, ma fan awiri, ka hygrometer ndi mipukutu ya mu loft, ndipo mwina itsalako. Bambo wa kampani uja akabweranso mumufunse funso limodzi, kuti akamata zonsezo nthunzi ya m'nyumba izitulukira pati. Akayamba kukamba za discount yomwe ikutha Lachisanu, mupatseni tiyi azipita. Pofika Malichi mundilembereso, mundiuze manambala omwe ka hygrometer kakuonetsa kuchipinda m'mawa, komanso ngati khoma lakumbuyo ndi la simenti kapena laimu, tidzaone ngati zamakomazo zili zofunika.