Sitiroko, mtima ndi impso: gwero lake ndi limodzi

Mayi wina wa ku Katete watilembera imelo: "Atate anga anadwala sitiroko chaka chatha. Tsopano adokotala akuti impso zafooka, mtimanso wakula. Ndi tsoka lanji ili, nanga ife ana awo titani?"

Amayi, chimene chadwala mwa atate anu ndi mitsempha ya magazi. Impso iliyonse ili ndi tosefera magazi pafupifupi 1 miliyoni, topangidwa ndi timitsempha tochepa kuposa tsitsi, ndipo ubongo umadaliranso timitsempha totere. BP ikakhala yokwera zaka zambiri, timitsemphati timauma, kenako n'kutsekeka kapena kuphulika. Mtima nawo umapopa movutikira, mnofu wake n'kukhuthala mpaka kutopa. Choipa n'chakuti impso zikafooka zimasunga mchere ndi madzi m'thupi, BP n'kukwera kuposa kale. Shuga, fodya ndi mafuta ochuluka m'magazi zimawononga mitsempha yomweyo.

Popeza BP ndi shuga zimayenda m'banja, inu ndi abale anu kapimitseni musanamve kudwala. Popimitsa BP, khalani pansi mphindi 5 kaye, mkono uli patebulo. BP ikafika 140/90 kapena kuposa pamasiku awiri osiyana, ndiye kuti ndi yokwera, ngakhale mutu usakuwaweni. Shuga apime m'mawa musanadye. Ikapezeka kawiri pa 7.0 mmol/L kapena kuposa, ndi matenda a shuga. Pemphaninso kuti aone puloteni mumkodzo ndi creatinine m'magazi (chonyansa chimene impso zimachotsa), kuti adziwe mmene impso zikugwirira ntchito. Ambiri amadumpha pamenepa, chonsecho impso zimafa mwakachetechete. Miyendo ikamatupa chifukwa cha impso, nthawi zambiri zimakhala zitawonongeka kale kwambiri.

Za mchere, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu asafike magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi. Muyesowu si wa mchere wapambale wokha. Werengeraninso wa m'kapenta, nsomba zouma, timakyubu tokometsera ndiwo, ngakhale soda wa m'delele, chifukwa nayenso ali ndi sodium, chinthu cha mumchere chimene chimakweza BP. Kapenta muviike, madziwo mutaye. Nsunko nayonso ndi fodya, musanamizidwe poti ilibe utsi. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku 5 pamlungu kumathandiza.

Atate anu asamwe mankhwala opha ululu a Brufen kapena diclofenac adokotala osadziwa, chifukwa amachepetsa magazi opita ku impso. Mankhwala a zitsamba osadziwika mlingo nawo ndi oopsa ku impso zofooka. Mapilisi a BP asasiye poti apezako bwino. BP yatsika chifukwa cha mapilisi omwewo, ndipo akasiya ibwerera.

Kukamwa kukapotoka, mkono umodzi ukalefuka kapena mawu akayamba kusamveka, ndi zizindikiro za sitiroko, musadikire kuti kuche. Thamangirani nawo ku St Francis komweko ku Katete, kapena ku Chipata Central Hospital ngati ndiko kufupi. Musawapatse phala kapena madzi, angatsamwe. Aspirin nayenso musawapatse, chifukwa ngati mtsempha waphulika muubongo, awonjezera kukha kwa magazi. Kumbukirani nthawi imene zizindikiro zinayamba, adokotala adzaifunsa.