Funsani Adokotala a Ziweto: Kodi chilonda cha mphaka wanga chingalowe mwana?

FUNSO: Adokotala, ndili ndi mphaka wamkazi wa zaka 7, dzina lake Kambuku. Pakhutu lake lakumanzere panatuluka kachotupa kamene kanaphulika, ndipo chilondacho chatha miyezi osapola. Diso limodzi lachita ngati lili ndi nkhungu, komanso waonda ngakhale akudya bwino. Mchemwali wanga anawerenga pa intaneti za matenda a leishmaniasis, ndiye akuti ndimutaye mphakayo chifukwa mwana wanga wa chaka chimodzi amakonda kumugwira. Ndimaganizanso zomuthira mankhwala a nthata amene timathira galu. Nditani?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi mankhwala a galuwo, chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa kuposa zonse mwalembazi. Musamuthire Kambuku. Mankhwala ambiri a agalu othira pamsana amakhala ndi permethrin, ndipo chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa mankhwala amenewa m'thupi. Mphaka amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kukomoka, ndipo ena amafa tsiku lomwelo. Galu amene mwangomuthira kumene asagone pamodzi ndi mphaka mpaka mankhwalawo ataumiratu.

Tsopano za leishmaniasis. Mchemwali wanu sananame kuti anthu nawonso amadwala matendawa, koma njira yake si imene akuiopayo. Kachilombo kake, kamene mwa amphaka kawirikawiri kamakhala ka mtundu wa Leishmania infantum, kamanyamulidwa ndi kantchentche kakang'ono kwambiri kotchedwa sandfly, kotalika mamilimita 2 kapena 3 okha. Kakakazi ndi kamene kamaluma, makamaka kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha. Kakayamwa magazi a nyama yodwala, kachilomboko kamayamba kaswana m'mimba mwake kwa masiku angapo, kenako n'kulowa mwa munthu kapena nyama ina imene kangalume. Mwana wanu sangatenge matendawa posisita mphaka kapena kugona naye chipinda chimodzi.

N'zoona kuti ku Italy ndi ku Brazil akatswiri anapeza kuti kantchentcheka kangathe kutenga kachilombo kwa mphaka wodwala. Koma nyama imene imasunga kwambiri kachilomboka pafupi ndi anthu ndi galu. Mukataya Kambuku, tintchentche tija tidzakhala tilipobe pabwalo panu, ndipo mudzakhala mwangozunza nyama yodwala.

Funso limene ndikanakufunsani mukanakhala pamaso panga ndi lakuti mphakayu wakhalako kuti. Mphaka woyamba kudziwika kuti ali ndi matendawa anapezeka ku Algeria mu 1912, ndipo mpaka lero ambiri amapezeka m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean monga Spain, Italy, France, Portugal ndi Greece, komanso ku Brazil ndi ku Middle East. Ngati Kambuku sanakhaleko kudera kumene matendawa ali ofala, ine ndingayambe ndakayikira zina. Mphaka wa makutu oyera amene amakonda kuothera dzuwa amatha kuchita khansa ya pakhungu, ndipo imayamba ngati kachilonda kosapola chimodzimodzi. Palinso matenda a mafangasi otchedwa sporotrichosis, ndipo awa ndiye amalowadi munthu mphaka akamukanda kapena akagwira chilonda. Pachifukwa chimenechi, musanadziwe chimene chavuta, mwana asakhudze khutulo, ndipo inu muzivala magolovesi pochitsuka.

Komabe zimene mwafotokozazi zikufanana ndithu ndi zizindikiro za leishmaniasis, zomwe ndi izi: zotupa ndi zilonda kumutu, m'makutu, pamphuno kapena m'zikope, kutupa kwa mkati mwa diso, anabere, zilonda za m'kamwa ndi kuonda. Thupi la mphaka limalimbana ndi kachilomboka bwino kusiyana ndi la galu, choncho akafika podwala chonchi timaganiza kuti pali china chimene chafooketsa chitetezo chake, monga mavairasi a FIV ndi FeLV, kapena mankhwala a steroid amene wakhala akumwa nthawi yaitali. Uzani adokotala a ziweto amupimenso zimenezi. Iwo adzatenga timadzi ta m'chotupacho ndi singano n'kutiona pa maikulosikopu, adzapima magazi, ndipo ngati n'kotheka adzatumiza zina kukapimidwa mwa njira ya PCR, imene imafufuza kachilomboko kulabotale. Musalole kuti impso ziiwalike. Chilonda n'chimene chimaoneka, koma impso ndi zimene zimafupikitsa moyo wa mphaka wodwala matendawa.

Akapezeka nawo, mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi allopurinol, omwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, ndipo nthawi zina jakisoni wa meglumine antimoniate. Zilonda zimapola, mphaka amanenepanso, ena amakhala zaka ali bwinobwino. Koma kachilomboko sikatheratu m'thupi, ndipo mukasiya mankhwala nokha matenda amatha kubwerera. Katemera woteteza amphaka ku matendawa kulibe. Chimene chaoneka kuti chimathandiza kuteteza ndi kolala yapakhosi ya flumethrin ndi imidacloprid yopangidwira amphaka, pamodzi ndi kumutsekera m'nyumba dzuwa likamalowa.

Kunena za mwana, bungwe la World Health Organization limati anthu pakati pa 700,000 ndi 1 miliyoni amatenga leishmaniasis chaka chilichonse, ndipo mtundu wake woopsa, kala-azar, umapha odwala oposa 95 mwa 100 alionse ngati sanalandire chithandizo. Ngati mukukhala kudera la matendawa, mwana azigona m'neti yonyikidwa m'mankhwala, chifukwa tintchentcheti timatha kudutsa m'mabowo a neti wamba. Akamatentha thupi kwa milungu iwiri, mimba n'kumakula iye akuonda, pitani naye kuchipatala ndipo muwauze za galu ndi mphaka amene muli nawo pakhomo.