Ophunzira akuyunivesite akabwera kudzaphunzira ntchito pachipatala chanu

Mayi wina amene amayang'anira ntchito zaukhondo pachipatala china chaching'ono m'boma la Mulanje wanditumizira imelo. Akuti walandira ophunzira atatu a zaumoyo oti akhale nawo milungu 8, ndipo poti antchito ndi ochepa, akufunsa ngati n'kulakwa kuwapatsa ntchito yolowetsa malipoti mu kompyuta ndi kuthandiza kusikelo mpaka nthawi yawo ithe.

Mayi, sikulakwa kuti anawa athandize, koma mukhala mutawalakwira ngati abwerera kusukulu atangodziwa zokhazo. Kulowetsa manambala mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta yosungiramo malipoti a zaumoyo, munthu amakuzolowera msanga, pamene chimene sangachipeze m'kalasi, kaya ndi ku KUHeS, ku MUBAS kapena ku Malamulo, ndi kuona kumene nambalayo imabadwira, m'kaundula wa mlangizi wa zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo. Choncho mlungu woyamba muwapereke m'manja mwa alangiziwo, ndipo muwauziretu mosapsatira kuti kumudzi mphunzitsi wawo ndi mlangizi, chifukwa ena amabwera ndi mtima woti munthu wopanda digiri alibe choti angawauze. Asalowe m'mudzi asanakalonjere amfumu.

Kuno kwathu kuli zina zimene mlendo sangazidziwe payekha. M'midzi yoyandikana ndi maesiteti a tiyi, makamaka nthawi yadzinja pamene ntchito yothyola imachuluka, wophunzira akafika mmawa amapeza zitseko zili zotseka, kenaka amalemba kuti anthu sakufuna kuyankha mafunso, chonsecho ali kuntchito. Mlangizi akanamuuza kuti abwere dzuwa litapendeka.

Akazolowera, aliyense mumupatse funso limodzi laling'ono loti alimalize. Ine ndikadakhala inu ndikadasankha za madzi ndi zimbudzi, popeza kolera amene adayamba mu 2022 ndi namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 zidationetsa kuti chimene chalembedwa m'lipoti ndi chimene chili pakhomo nthawi zina zimasiyana. Mmodzi akaone ngati klorini amene adagawidwa akuthiridwadi m'ndowa, wina akaone ngati zimbudzi zili ndi zivundikiro ndiponso ngati m'mpondagiya, chosambira m'manja choponda ndi phazi chija, muli madzi, osati chigubu chouma chongopachika poopa alangizi. Zimene apeza akazifotokoze kaye kwa komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo asanazitengere kwa aphunzitsi awo, pakuti eni ake nkhaniyo ndi anthu amene adawatsegulira makomo.

Malire awo muwatchule tsiku loyamba. Asabaye jakisoni kapena kupereka mankhwala, asajambule odwala n'kuika pa WhatsApp, ndipo zimene aona m'kaundula wa anthu amene ali pa ma ARV zithere pomwepo, makamaka poti m'dera laling'ono dzina limodzi likatuluka pofika madzulo lamveka pamsika ponse. Ngati wina akufuna kuti ntchito yake ikhale kafukufuku wodzasindikizidwa, akuonetseni kaye chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga COMREC kapena NHSRC.

Za buku limene mumasaina potsimikizira zimene wophunzira wadziwa kuchita, ndili nazo manyazi anga. Chaka china ndidasainira wophunzira masamba onse tsiku lomaliza, ndili wotopa, osafunsa kanthu. Mphunzitsi wake atabwera adamupempha kuti asungunule klorini waufa uja wotchedwa HTH monga momwe bukulo linkanenera kuti amatha, ndipo mnyamatayo adangoima chilili, ine ndikusowa poyang'ana. Kuyambira pamenepo ndimakhala nawo pansi Lachisanu lililonse masana, ndipo ndimasaina zokhazo zimene ndaziona ndi maso anga kapena zimene mlangizi wandichitira umboni.

Nkhani ya mayendedwe muikambirane ndi ayunivesite mlungu uno, ndipo ayankhe polemba kalata kuti ndalama ya kabaza alipira ndani, chifukwa midzi ina ya m'mphepete mwa phiri ili kutali ndipo ikasowa ndalamayo ophunzira amangobwerera pa kompyuta paja.